Mmene Mungawatayire Amayi Anu Asanamwalire

Sipafunika mtima woipa kuti munthu wodwala matenda oiwalaiwala, amene madokotala amati dementia, asamalidwe molakwika. Ambiri amene amachita zimene ndalemba pano ndi anthu okonda makolo awo. Amadzuka pakati pa usiku, amachapa zofunda zonyowa, amagula mankhwala ndi ndalama yangongole. Cholakwikacho chimabwera chikuoneka ngati nzeru, n'chifukwa chake ndachiyala motsatana ngati malangizo kuti chioneke bwino. Mukawatsata onse, thupi la amayi anu lidzakhala likadali pamphasa, likupuma ndi kudya, koma iwo eni ake mudzakhala mutawataya kalekale, atazunzika kuposa mmene matendawo paokha akadawazunzira.

Ndikunena za matenda atafika patali, pamene munthu sadziwanso tsiku, satha kuvala yekha, mawu amuthera kupatula ochepa, mkodzo ndi chimbudzi zimangomutulukira, ndipo kumapeto ngakhale kumeza kumavuta. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni ali ndi matendawa, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse amakhala m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Kwathu kuno nyumba zosungirako okalamba n'zowerengeka. Wodwala amakhala pakhomo, m'manja mwa mwana wake wamkazi, mpongozi kapena mdzukulu, ndipo zolakwika zimachitikira pakhomo pomwepo.

Yambani ndi kukana kuti ndi matenda. Nenani kuti ndi ukalamba basi, abwerera ku umwana, ndipo kuchipatala musapite nawo. Mukatero palibe adzawayeze kuthamanga kwa magazi, shuga, HIV kapena chindoko, zinthu zimene zimatha kusokoneza mutu koma zili ndi mankhwala. Palibenso adzakuuzeni kuti ubongo wawo ukuwonongeka, monga adaonetsera dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, mu 1906 atapima ubongo wa mayi wina, Auguste Deter. Mayiyo adamwalira ali ndi zaka 55 zokha, msinkhu umene kumudzi munthu amakhala akulima ekala yathunthu.

Ngati mawu oti ukalamba sakukwanira, pali ena oopsa kwambiri. Agogo akapezeka m'bandakucha pakhomo la eni, chitenje chitagwa, atasochera pofuna chimbudzi kapena pofuna mudzi umene adakulira, lolani anthu anene kuti agwa pa ndege ya ufiti. Lolani awazungulire n'kumawafunsa kuti, "Ndinu mfiti, eti? Mwana uja mudadya ndinu?" Akhoza kuvomera ndithu, chifukwa munthu wamantha amene sakumva funso amayankha "eya" kuti phokoso lithe. Khamu lidzati avomera okha. Mu Januwale 2016 ku Neno okalamba anayi adaphedwa powaganizira kuti ndiwo adatumiza mphenzi imene idapha mtsikana. M'dziko limene okalamba amaphedwa chotero, nkhalamba yoyendayenda usiku, yolankhula zosamveka, ili pangozi kuposa wina aliyense. Lamulo la mu 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma apolisi amafika zitachitika kale. Choncho bisani matendawo chifukwa cha manyazi. Musawauze amfumu, musawauze anansi, musawauze akumpingo. Asiyeni adzipezere okha tanthauzo la zimene akuona, ndipo tanthauzo limene adzapeze mukulidziwa.

Kenako iwalani kuti amayi anu ndi ndani. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Asamaleni ngati wodwala wofanana ndi wodwala wina aliyense: kudya, kusamba, kugona, pa nthawi imene ikukomera nyumba. Tom Kitwood, amene ankaphunzitsa pa yunivesite ya Bradford ku England, adalemba mu 1997 kuti kufooka kwa odwalawa sikuchokera mu ubongo mokha, kumachokeranso m'mene anthu owazungulira amawachitira. Adawerenga njira 17 zimene osamalira amafafanizira umunthu wa wodwala mosadziwa, monga kumuyesa mwana, kumuchitira zimene akadatha yekha, kumufulumizitsa, kumuseka, kumulankhulira pamutu ngati palibe. Zonse 17 zimatheka m'nyumba ya zipinda ziwiri.

Chosavuta kuyambira ndi dzina. Munthu amene moyo wake wonse ankamva "Anaphiri" kapena "Anangozo", amene mudzi wonse unkamugwadira pomupatsa moni, muyambe kumuti "iwe", ndipo ana anu azimuti "gogo uyu". Bambo amene adagwira choko zaka 30, amene mukati "aphunzitsi" amawongola msana ngakhale lero, muziwaitana mokuwa kuchokera kukhitchini. Dzina la mwana wawo likhoza kuwathawa, koma kamvekedwe ka liwu, kaya n'kaulemu kaya n'kachipongwe, amakamva mpaka kumapeto.

Achotseni kumudzi mwadzidzidzi. Kuwabweretsa kutauni nthawi zina n'kosapeweka, ndipo sindikudzudzula amene alibe njira ina. Koma kuti zilakwike kwenikweni, abweretseni opanda kanthu kawo kalikonse. Mphasa yawo, bulangete lonunkha utsi, kapu yachitsulo yophwanyika m'mbali, Baibulo lothothoka chikuto, zonsezo zisiyeni, mwawagulira zatsopano. Agonekeni m'chipinda cha kuseri, pabedi lalitali, pomwe iwo adazolowera pansi. Aonetseni chimbudzi chamadzi kamodzi, ndipo akakodza pakona pa chipinda chifukwa akufunafuna chimbudzi chokumba chimene chinali kuseri kwa khola, muwakalipire. Galasi lalikulu lisiyeni pakhoma kuti usiku aziona nkhalamba yachilendo ikuwayang'anitsitsa. TV isazimidwe, makamaka pa mafilimu a ndewu ndi kulira, chifukwa iwo sasiyanitsanso za m'bokosi ndi za m'nyumba.

Cha m'ma 3 koloko masana yang'anani manja awo. Zala zikutolatola pachitenje, zikusonkhanitsa tinthu tosaoneka, tina kuika kumanja, tina kukankhira kutali. Amene adakula nawo azindikira msanga kuti akusankha nyemba. Manjawa adagwira ntchito imeneyi zaka 70, ndipo akukumbuka zimene mutu waiwala. Amenyeni pang'ono pamkono: "Tasiyani nsaluyo, mung'amba!" Musawapatse lichero la nyemba zenizeni, kapena chimanga choti atonole, kapena nkhwani woti asadzule, wina atakhala pambali kuona kuti asaponye m'kamwa. Mukawapatsa adzakhala phee nthawi yaitali, nkhope itamasuka, akudziona kuti akadali mayi wa pakhomo, ndipo nkhondo ya madzulo ano idzachepa. Chimodzimodzi bambo amene amadzuka 3 koloko usiku kufuna nsapato, akuti achedwa ku ntchito. Musakumbuke kuti adali mlonda, kapena kuti paunyamata adatsikapo m'migodi ya ku Joni pa Wenela. Musawauze kuti, "Tiyeni timwe kaye tiyi, mupite mutafunda m'mimba." Limbanani nawo pakhomo mpaka nyumba yonse idzuke.

Ayeseni mayeso tsiku ndi tsiku. Alendo akafika, aimikeni patsogolo pawo: "Amayi, uyu ndani? Mwamuiwala? Si mwana wanu woyamba uyu? Tatchulani dzina!" Adzamwetulira mwamanyazi, adzaponya dzina la mlongo wawo amene adamwalira kalekale, wina adzaseka, wina adzalira, ndipo iwo adzatsala ndi manyazi amene sakudziwa gwero lake. Ofufuza a pa yunivesite ya Iowa ku America adaonetsa mu 2014 kuti odwala matenda a Alzheimer akaonera timafilimu tachisoni kapena tachisangalalo, chisonicho kapena chisangalalocho chimatsala mumtima ngakhale ataiwala kuti aonera kanthu. Choncho musadzitonthoze kuti aiwala. Nkhaniyo aiwala, kuwawa kwatsala. Mlendo asayerekeze kugwada pafupi, kuwayang'ana m'maso n'kudzitchula yekha kuti, "Amayi, ndine mwana wanu wa ku Kasungu, ndabwera kudzakuonani," chifukwa akatero amayi apulumuka mayesowo.

Madzulo akafunsa kuti, "Abambo anu abwera?" ayankheni mosabisa: "Adamwalira kalekale. Si munali pamaliro inu?" Kwa iwo uthengawo ndi watsopano. Adzalira maliro a tsiku loyamba, popanda wowakhuza, popanda nyimbo, pomwe inu mukutsuka mbale. Mawa adzafunsanso, ndipo muwauzenso. Ndikudziwa kuti ambiri amachita izi poopa bodza, ndipo mantha amenewo ndimawalemekeza, chifukwa kunamiza kholo si chinthu chopepuka. Koma sikuti njira ndi ziwiri zokha, kunama kapena kubaya. Munthu akhoza kukhala pansi n'kunena kuti, "Mwawasowa, eti? Paja ankakonda ndiwo zanji?" Ndipo amayi adzafotokoza za chambo chootcha, za njinga imene abambo ankaikonda kuposa ana, mpaka funso lija litasungunuka. Chimene amafuna sichinali tsiku la maliro. Amafuna kumva kuti sali okha dzuwa likamalowa. Njira imeneyo ipeweni ngati mukufuna kuti azilira amuna awo kasanu pa sabata.

Nthawi ya madzulo yomweyo ambiri amabalalika. Amamanga katundu pachitenje, akuti akupita kwawo, ngakhale ali m'nyumba imene adaumba okha njerwa zake. Imeneyi ndi nthawi imene moyo wawo wonse ankatsekera nkhuku, kuitana ana, kutereka mphika, ndipo thupi likuwauza kuti pali ntchito imene ikuwadikira kwinakwake. Tsekani chitseko ndi loko. Akalimbikira, amangeni ndi chitenje ku mwendo wa bedi. Pakutha milungu ingapo mikono idzakhala ndi mabala, miyendo idzafooka, ndipo tsiku limene mudzawamasule adzagwa, mwina n'kuthyoka fupa la m'chiuno, kuvulala kumene nkhalamba zambiri sizidzukanso nako. Musayende nawo kuzungulira nyumba kawiri katatu n'kulowanso ngati mwafika. Musayatse nyali mdima usanagwe. Musasokere kansalu kolembedwa nambala ya foni yanu m'kati mwa malaya awo, kuti akasochera wowapeza asadziwe kowabwezera.

Pa kusamba ndichedwepo, chifukwa nkhondo zambiri zimayambira kubafa. Sankhani 5 koloko m'mawa, mwezi wa Juni, popeza inu mukuthamangira ku ntchito. Lowani popanda odi, avundukuleni bulangete, muyambe kuwavula muli kumbuyo kwawo, osanena kanthu. Ngati n'kotheka wowavulayo akhale mkamwini, munthu amene moyo wawo wonse ankamupatukira panjira chifukwa cha ulemu, kapena mdzukulu wamwamuna. Avuleni zonse kamodzi, muwathire madzi kuyambira kumutu. Tsopano ganizani zimene iwo akuona. Munthu amene sakumudziwa walowa m'chipinda, akuwakoka zovala, madzi ozizira akulowa m'maso ndi m'makutu, pansi pakuterera. Adzamenya, adzaluma, adzatukwana mawu amene simudawamvepo m'kamwa mwawo. Mkazi aliyense wa ulemu wake angachite chimodzimodzi. Inu nenani kuti matenda awasandutsa ankhanza, ndipo mawa muitane anthu awiri oti awagwire manja.

Musafunse kuti kale ankasamba nthawi yanji, mwina anali a madzulo pobwera kumunda. Musafunditse madzi. Musawasiyire chitenje pathupi n'kumapukuta pansi pake mbali imodzi imodzi, kuyambira kumanja ndi kumapazi, mukuwauza chimene mukuchita. Musawapatse kansalu ndi sopo m'dzanja kuti ayambe okha kumaso. Musasiye kutsuka mutu kuti kudikire tsiku lina. Ku America namwino Joanne Rader ndi anzake adayesa kusambitsa odwala mwa njira zoterezi, ndipo kafukufuku wawo wa mu 2004 adapeza kuti kumenya ndi kuluma kudatsika ndi kuposa theka. Musavomerenso kuti nkhalamba imene yakhala pakhonde tsiku lonse siyenera kusamba thupi lonse tsiku lililonse, bola m'khwapa, kumaliseche ndi m'makwinya a khungu mukhale moyera ndi mouma.

Popeza sananene kuti penapake pakuwawa, ganizani kuti sipakuwawa. Ili ndi phunziro limene limazunza anthu ambiri mwakachetechete. Munthu amene mawu amuthera akadali ndi mawondo a nyamakazi, dzino lobowoka, msana wa zaka zosenza mitolo, ndipo akhoza kukhala masiku asanu osachita chimbudzi. Amalankhula ndi thupi: kukwinya nkhope, kubuula, kupuma mofulumira, kukunga zibakera, kukankha dzanja lanu mukakhudza malo ena, kukana kutonthozedwa. Zizindikiro zimenezi ndi zomwe anamwino amayang'ana poyeza ululu wa munthu wosalankhula. Mu 2011 ku Norway, Bettina Husebø ndi anzake adalengeza zotsatira za kafukufuku amene adachita pa odwala 352 osakhazikika, ena mwa iwo n'kuwapatsa mankhwala a ululu tsiku ndi tsiku kwa milungu 8, ambiri panado wamba. Kusakhazikika kudatsika, ndipo atasiya mankhwalawo kudayambanso kukwera. Inu musayang'ane m'kamwa, musagwire pamimba, musawerenge masiku a chimbudzi. Ndipo ngati dzulo anali bwino koma lero asokonezeka kwambiri, akungogona kapena akuona zinthu, nenani kuti matenda akula. Musaganize za malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo kapena kuchepa kwa madzi m'thupi. Matenda oiwalaiwala amayenda pang'onopang'ono, choncho kusintha kwa tsiku limodzi kawirikawiri kumatanthauza kuti pabwera nthenda ina, yochizika, imene ikufuna chipatala lero lomwe.

M'malo mwake gulani mankhwala ogonetsa. Pemphani kwa mnansi, kapena kwa ogulitsa pamsika, mapiritsi aja amene amagwetsa munthu mpaka masana. Piriton ndi diazepam amaonjezera kusokonezeka ndi kugwa kwa okalamba. Mankhwala a misala monga haloperidol ndi chlorpromazine ali ndi malo ake, pamene munthu akuona zoopsa zimene zikumuzunza kapena akhoza kuvulaza wina, koma ndi dokotala yekha woyenera kuwalemba, pa mlingo wochepa, kwa nthawi yochepa. Mu 2008 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA lidachenjeza kuti mankhwala a gulu limeneli amaonjezera imfa mwa okalamba odwala dementia. Mu 2009 Pulofesa Sube Banerjee adauza boma la Britain kuti mwa odwala pafupifupi 180,000 amene ankapatsidwa mankhwalawa, amene ankapindula nawo sankapitirira 36,000, ndipo ankabweretsa imfa zoonjezera pafupifupi 1,800 pachaka. Agogo akagona tsiku lonse nyumba idzakhala bata, ndipo inu mudzati achira. Dzino lija likuwawabe, kungoti tsopano alibe mphamvu yobuulira.

Musamvenso za chisamaliro chochepetsa ululu, poganiza kuti n'cha odwala khansa okha. Ku Tiyanjane pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre, ku Ndi Moyo ku Salima, ndi m'zipatala zambiri za m'maboma, kuli anthu amene ntchito yawo ndi kuthandiza odwala matenda osachiritsika kuti asazunzike. Kumidzi kukadali mavolontiya amene adaphunzira kusamalira odwala pakhomo m'zaka zovuta za Edzi, odziwa kutembenuza munthu wogonera mbali imodzi ndi kutsuka chilonda. Musawaitane. Mlangizi wa zaumoyo akamadutsa pa njinga muzingomupatsa moni.

Podyetsa, fulumirani. Asiyeni chigonere, mutu utapendekera kumbuyo, mutenge supuni yaikulu, diso lili pa foni. Ikani supuni yachiwiri asanameze yoyamba. Akatsokomola athireni madzi ambiri kuti chitsike. Mwa njira imeneyi phala limalowera ku mapapo, ndipo pakapita masiku ochepa kumabwera kutentha thupi ndi chibayo, imodzi mwa nthenda zimene zimatsiriza odwala ambiri otere. Ofufuza a ku Boston, motsogozedwa ndi Susan Mitchell, adatsata odwala 323 a dementia yofika patali kwa miyezi 18, ndipo mu 2009 adalengeza kuti 86 mwa 100 alionse adakumana ndi vuto la kudya, 41 mwa 100 adadwala chibayo, ndipo oposa theka adamwalira m'nyengo imeneyo. Kudya ndiye bwalo limene nkhondo yomaliza imachitikira, choncho zimene mungasiye kuchita n'zambiri. Musawakhazike tsonga, atatsamira khoma ndi pilo kumsana. Musayambe ndi kuwabweretsera beseni losamba m'manja, mwambo umene umauza thupi lawo kuti chakudya chafika. Musawatemere mbamu yaing'ono yofewa n'kuwaikira m'dzanja lawo, kuti dzanjalo lipeze lokha njira yakukamwa. Apatseni nsima yoyera m'mbale yoyera, imene maso awo satha kuisiyanitsa. Musakhale nawo n'kumadya nanunso. Musadikire kuona pakhosi pakuyenda. Akamaliza agonekeni nthawi yomweyo, chakudya chikadali m'tsaya, ndipo m'kamwa musatsukemo.

Amaneninso zimene amakonda. Kukoma kwa zotsekemera kumatsala ngakhale zina zitatha, ndipo munthu amene wakana nsima akhoza kulandira nthochi yakupsa, mbatata yofutsa, thobwa, phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi shuga pang'ono. Inu gwiritsitsani malamulo a zakudya amene adapatsidwa zaka 15 zapitazo, osabwereranso kwa dokotala kukafunsa ngati akadali ofunika kwa munthu wa zaka 88 amene akuonda mwezi ndi mwezi.

Idzafika nthawi imene adzayamba kudya pang'ono kwambiri, kutembenuza mutu, kutseka pakamwa. Ngati mwafufuza ululu, zilonda za m'kamwa ndi kudzimbidwa koma osapeza kanthu, ndiye kuti thupi layamba kutsika. Apa kanikizani. Atsegulitseni pakamwa ndi supuni, kapena kakamizani achipatala kuti aike paipi ya m'mphuno. Bungwe la madokotala a okalamba ku America lidanena poyera mu 2014 kuti kwa odwala dementia yofika patali paipi yodyetsera siyoyenera, chifukwa kudyetsa ndi dzanja mosamala kumathandiza chimodzimodzi pa kutalika kwa moyo ndi pa chibayo, pomwe paipi imabweretsa kusakhazikika ndi kumangidwa manja kuti wodwala asaizule. Ndimamvetsa chifukwa chake mabanja amalimbikira. Kwathu kuno kudyetsa munthu ndiko kumukonda, ndipo palibe amene akufuna kuti pamaliro anthu azinong'onezana kuti adawapha ndi njala. Koma mantha amenewo ndi athu, si a wodwala. Iye chimene akufuna ndi milomo yonyowetsedwa ndi kansalu, mafuta pang'ono kuti isang'ambike, ndi supuni imodzi ya chinthu chokoma ngati wailandira.

Akasiya kuyenda, asiyeni agonere mbali imodzi. Ayalireni pepala la pulasitiki lopanda nsalu pamwamba kuti matiresi asanyowe, thewera lisinthidwe m'mawa ndi madzulo basi. Kadontho kofiira kapena kakuda pa fupa la kumatako, m'chiuno kapena pa chidendene musakasamale. M'masiku ochepa kadzakhala chilonda cholowa chala, chonunkha, chovuta kupola. Kuwatembenuza maora awiri kapena atatu alionse, ndi kuika pilo pakati pa mawondo, kukadaletsa zimenezi popanda kuwononga ndalama.

Lankhulani za iwo ali pomwepo ngati palibe: "Awa ndiye atha, tikungodikira." Siyani kulankhula nawo chifukwa sayankha. Amayi a Chigwirizano kapena a Mvano akafuna kubwera, auzeni kuti palibe chifukwa, sawazindikiranso. Musadziwe kuti nyimbo zimakhala m'mbali za ubongo zimene matendawa amazifika mochedwa, moti munthu amene sanatchule liwu mwezi wathunthu amatha kutsatira nyimbo ya kutchalitchi imene adaiphunzira ali mtsikana, zala zikugunda pabondo. Amene ankapemphera kolona musawapatse m'manja. Amene ankaswali musawalole kumva kuitana kwa kumzikiti. Ngati adakula akulankhula Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena Chitumbuka, ndipo tsopano Chichewa chikuwathawa n'kubwerera ku chinenero cha amayi awo, monga zimachitikira odwala ambiri, nenani kuti akubwebweta, ndipo musafune wachibale amene angawayankhe. Joyce Simard, amene adayambitsa ndondomeko ya Namaste Care ku America mu 2003, adaimanga pa zinthu zimene nyumba iliyonse ili nazo: kukhala pambali pa wodwala, kumudzoza mafuta m'manja ndi kumapazi mosafulumira, kumupesa, kumuimbira, kumutulutsa kuti amve dzuwa. Inu akhudzeni pokhapokha pamene mukuwasintha thewera, kuti dzanja la munthu lizitanthauza kuzizira ndi kukokedwa.

Popeza sakudziwa kanthu, tengani chala chawo mudinde pa mapepala a munda. Ndalama yawo ya Mtukula Pakhomo kapena ya penshoni ilowe m'zina. Musakhale pansi monga banja, pamodzi ndi amalume, kukambirana zimene iwo ankanena akadali bwino, kaya ankafuna kutsirizira kwawo kapena kuchipatala, kaya ankafuna kukaikidwa kuti. Dikirani usiku umene adzabanike kuti mukangane pa foni.

Ndipo zonsezi zisenzetseni munthu mmodzi. WHO imati mwa maora onse osamalira odwalawa padziko lapansi, 70 mwa 100 alionse amagwira ndi akazi. Sankhani mwana wamkazi amene banja lake lidatha, kapena tulutsani mdzukulu mu Fomu 2, kapena lembani mtsikana wantchito wa zaka 15 osamufotokozera kalikonse za matendawa. Inu a ku Lilongwe, a ku Johannesburg, a ku Leeds, tumizani ndalama mwezi ukatha, ndipo poimba foni ya kanema muzifunsa kuti, "Bwanji aonda chonchi? Ndalama tikutumizazi zikupita kuti?" Mukabwera pa Khirisimasi khalani masiku awiri, muloze zolakwika, mujambule zithunzi, mubwerere. Musagone nawo m'chipinda ngakhale usiku umodzi kuti mnzanuyo agone tulo. Musamufunse kuti iye ali bwanji, adapita liti kutchalitchi, msana wake ukuti chiyani. Munthu amene sanagone bwino miyezi isanu ndi umodzi amakalipa, amakoka mkono mwamphamvu, amamanga ndi chitenje, amagula mankhwala ogonetsa, kenako amalira yekha kuseri kwa nyumba. Zolakwika zambiri zimene ndatchula pamwambapa sizichokera ku umbuli ayi, zimachokera ku kutopa, ndipo amene adamusiya yekha ali ndi gawo lawo pa chilichonse cha izo.

Musalembenso kalikonse. Wosamalirayo m'mutu mwake muli zinthu zimene palibe dokotala akuzidziwa: kuti amayi sadya asanamwe tiyi wamkaka, kuti amagona bwino chakumanzere, kuti akayamba kukoka chitenje n'kumasuntha pampando ndiye kuti mkodzo wawagwira, kuti amaopa galu wakuda wa anansi, kuti akakwiya muwatchule dzina la kwawo n'kuyamba nyimbo inayake, kuti chimbudzi adachita Lachiwiri. Kope limodzi la ana asukulu, lopachikidwa pa msomali pafupi ndi chitseko, likadasunga zonsezi kuti aliyense wolowa awerenge. Lisakhalepo. Tsiku limene wosamalirayo adzagonekedwe ndi malungo, kapena kupita kukachira, kapena kungotopa n'kuchoka, nzeru zonsezo zidzapita naye. Wolowa m'malo adzayamba osadziwa kanthu, ndipo amayi anu, amene sangathenso kudzifotokozera, adzakumana ndi zolakwika zomwezi kachiwiri, m'manja mwa munthu wina amenenso akuyesetsa ndi mtima wake wonse.